Madontho a Vodka, Mapesi ndi Madamu a ku Tsangano

M'mizinda ikuluikulu, ku Durban, ku Berlin, ku Jakarta, muli anthu amene m'mawa uliwonse amatenga sirinji yopanda singano, kukoka nayo timadontho ta vodka, ndi kutidonthezera m'thanki yagalasi yodzaza madzi amchere. Ena amathira viniga wa kukhitchini. Ena amatapa shuga kunsonga ya supuni. M'thankimo mumakhala nsomba zamawangamawanga pamodzi ndi makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zimene zimaphuka nthambi zamwala. Munthu wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Furancungo akamva zimenezi amayamba wafunsa ngati nsombazo siziledzera. Siziledzera ayi. Mowawo si wa nsomba, si wa makorali. Ndi chakudya cha mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene mwini thanki akufuna kuti tichulukane.

Nkhani yotere imamveka yotalikirana kwambiri ndi Tsangano, dziko la mapiri, nkhungu ndi kachewere, kumene ana ambiri amakula mpaka kumanga banja asanaione nyanja yamchere. Koma wolemba uno akuti alimi a kuno ndi amene angaimvetse msanga kuposa wina aliyense, chifukwa zimene zimachitika m'thanki ija iwo amaziona m'munda chaka ndi chaka.

Iye adaimva kwa mphwake, mwana wa mlongo wake, amene adapita ku Joni monga achitira anyamata ambiri a mbali zonse ziwiri za malire a Mozambique ndi Malawi. Mnyamatayo adapeza ntchito ya pakhomo ku Durban: kutchetcha kapinga, kutsuka galimoto, ndi kusamala thanki ya abwana ake. Tsiku lina adatumiza kanema pa WhatsApp, kenaka n'kuimba.

"Malume, kuno ndikuweta miyala. Imadya, imakula, ndipo madzi akaipa imasuluka."

"Mphwanga, mwala ungadye bwanji?"

"Si mwala wokhawokha, malume. Pamwamba pake pali nyama. Mudzaione usiku, imatulutsa timanja."

Ankanena zoona. Korali ndi mudzi wa tinyama ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi kamwa lozunguliridwa ndi timanja. Kanyamako kamatenga kashiamu ndi kaboneti m'madzi n'kudzimangira kanyumba ka laimu, ndipo mbadwo wina ukamanga pamwamba pa unzake kwa zaka mazanamazana, pamabadwa thanthwe. M'thupi mwa tinyamati mumakhalanso ndere za selo imodzi zimene akatswiri amazitcha zooxanthellae. Nderezo zimapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, ndipo wambiri mwa shugayo amadyedwa ndi korali. Korali naye amazipatsa malo ogona komanso zotsalira za m'thupi mwake, zimene kwa ndere ndi feteleza. Chifukwa cha mgwirizano umenewu, makorali amakula bwino m'madzi oyera mbee, osauka michere, momwe zomera zina za m'nyanja zimavutika. Mitundu ya nthambi ngati Acropora imatha kutalika masentimita 10 pachaka, pamene mitundu yobulungira ngati Porites imangowonjezera pafupifupi sentimita imodzi.

Kuweta chamoyo chotere m'nyumba ndi ntchito yoyang'anira manambala. Madzi azifunda pakati pa madigiri 24 ndi 27. Lita iliyonse ikhale ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Kashiamu akhale pakati pa mamiligalamu 400 ndi 450 pa lita. Nyale ziziyaka ndi kuzima pa nthawi yake, mapampu azitakasa madzi usana ndi usiku. Zonsezi ndalama ikhoza kugula. Chimene chimasowetsa tulo oweta makorali ndi zinyalala, chifukwa m'nyanja zimatengedwa ndi mafunde, koma m'thanki zilibe kolowera. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya. Mabakiteriya a m'miyala amasandutsa amoniyayo kukhala naitireti, ndipo chakudya chilichonse cholowa m'madzimo chimasiya fosifeti. Ziwirizi zikaunjikana, ndere zobiriwira zimayanga pagalasi ndi pamiyala, makorali amataya mitundu yawo yowala n'kusanduka abulauni, ndipo fosifeti wochuluka amachedwetsa kumanga kwa laimu kuja. Naitireti ndi fosifeti ndi abale enieni a N ndi P zolembedwa pa thumba la feteleza wa NPK. Mlimi amazigula ndi ndalama ya fodya. Woweta makorali amawononga ndalama kuti azichotse.

Njira yakale ndi yotaya madzi ena sabata iliyonse n'kuthiramo atsopano. Imagwira ntchito, koma madzi osefedwa ndi mchere wa m'sitolo n'zodula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, oweta makorali a ku Germany adafalitsa njira ya vodka, ndipo maziko ake ndi nzeru imene idadziwika kale. Mu 1934 katswiri wa ku America, Alfred Redfield, adalemba kuti tizamoyo toyandama m'nyanja timamanga matupi awo ndi michere yosakanikirana pa mlingo wokhazikika. Mlingo umene umatchedwa ndi dzina lake lero ndi maatomu 106 a kaboni, 16 a nayitrojeni ndi imodzi ya fosiforasi. Mabakiteriya ali ndi mlingo wawo wosiyana pang'ono, koma lamulo ndi lomwelo: kuti bakiteriya aberekane, amafuna zonse zitatu. M'thanki nayitrojeni ndi fosiforasi zili mbwee, chosowa ndi kaboni wosavuta kudya. Ukawapatsa mowa, viniga kapena shuga, amaswana mwaliwiro, ndipo poswanapo amameza naitireti ndi fosifeti n'kuzitsekera m'matupi mwawo.

Ntchito siyithera pomwepo. Mabakiteriyawo akafera m'thanki momwemo, zonse zimene adameza zimabwerera m'madzi. N'chifukwa chake pansi pa thanki pamakhala makina otchedwa skimmer, chitini chachitali chimene chimawiritsa madzi ndi timathovu ta mpweya. Mabakiteriya ndi zinyalala zimamatirira ku timathovuto, thovu limakwera n'kutayikira m'kapu, ndipo m'kapumo mumasonkhana madzi akuda bii, onunkha. Kukhuthula kapu imeneyi ndi ntchito ya mnyamata wa ku Tsangano uja. Amaidandaula fungo, koma wolemba uno adamuuza kuti pa ntchito zonse za pathankipo, imeneyi ndiye yeniyeni, pakuti ndi pokhapo pamene michere yoonjezera imatulukadi m'madzi.

Apa ndi pamene mlimi wa kuno amayamba kuvomera ndi mutu. Iye akudziwa kuti ukakwirira mapesi ouma mochedwa, mvula ili pakhomo, n'kubzala chimanga pamzere womwewo, chimamera bwino koma pakatha masabata angapo chimachita chikasu n'kupinimbira. Ena amati nthaka yaguga, ena amanena mbewu. Chimene chachitika n'chakuti mapesi ali ndi kaboni wambiri koma nayitrojeni wochepa, pafupifupi magawo 60 a kaboni pa gawo limodzi la nayitrojeni. Tizilombo toolesa zinyalala tikapeza phwando la kaboni lotere timachulukana, ndipo popeza nayitrojeni wa m'mapesimo satikwanira, timatenga wa m'nthaka, yemweyo amene chimanga chikadadya. Sikuti watayika. Ali m'matupi mwa tizilomboto, ndipo adzabwerera tikafa, koma chimanga chimakhala chitavutika kale pa nthawi imene chimafunika kuthamanga. Masangwi a mtedza, masamba a soya, nyemba ndi nandolo sachita zimenezi kwenikweni chifukwa ali ndi nayitrojeni wokwanira. N'chifukwa chake alangizi amati mapesi akwiriridwe msanga mukangokolola, kapena asakanizidwe ndi ndowe ndi zotsalira za mbewu za mtundu wa nyemba.

Woweta makorali amachita dala chimene mlimi amachiopa. Mlimi safuna kuti tizilombo tilande nayitrojeni; mnzakeyo akutilipira ndi vodka kuti tilande.

Alimi enanso adaphunzira kuweta tizilomboti mwadala. Mtengo wa feteleza utakwera kwambiri mu 2022, manyowa a Mbeya adafala m'maboma ambiri a Malawi, ndipo nzeru yotere siichedwa kuwoloka malire pa misika ngati ya Lizulu, pamene wogula ndi wogulitsa sufunsa kuti wachokera mbali iti. Amasakaniza gaga, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kuzimanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Gaga ndiye kaboni, feteleza ndi ndowe ndiye nayitrojeni, ophika ake ndi tizilombo. Amayi amene amamanga thumba limeneli ku Ntcheu akugwira ntchito ya mtundu umodzi ndi munthu wa sirinji wa ku Berlin, ndipo onse awiri amadziwa kuti ukalakwitsa mlingo, chotuluka chake chimakhala china.

M'thanki mlingowo ndi waung'ono modabwitsa. Malangizo ofala amati uyambe ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a mililita ya vodka pa malita pafupifupi 100 a madzi patsiku, ndi madontho awiri okha amenewo, kenaka uziwonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata uku ukuyeza madzi. Naitireti akayamba kutsika, mlingo umadulidwa pakati. Vodka amasankhidwa chifukwa mphamvu yake ndi yodziwika, magawo 40 pa 100 alionse, ndipo alibe zokometsera. Viniga wa kukhitchini ali ndi asidi wokwana magawo 5 pa 100, choncho amafunika wochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu. Kachasu sangalowe m'malo mwake, pakuti mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, ndipo munthu amene sakudziwa kuti akuthira zochuluka bwanji sangayendetse ntchito imeneyi. Makampani adaona msika n'kuyamba kugulitsa mabotolo osakaniza kale, monga NoPox wa Red Sea, komanso timikanda ta pulasitiki yowola timene mabakiteriya amadya pang'onopang'ono.

Wopupuluma amalangidwa msanga. Akathira wambiri nthawi imodzi, madzi amachita mbuu ndi mabakiteriya, mpweya wa okosijeni umatha, ndipo nsomba zimapezeka zafa m'mawa. M'mapaipi mumamera ndenderu yoyera. Popeza tizamoyoti timameza nayitrojeni wochuluka kuposa fosiforasi, nthawi zina naitireti amatha fosifeti adakalipo, ndiye pamchenga pamayala utoto wofiira wa cyanobacteria. Vuto lina limagwera anthu akhama kwambiri. Amafinya madzi mpaka michere yonse ifike pa ziro, osaganiza kuti ndere za m'thupi mwa korali zija nazo zimadya nayitrojeni ndi fosiforasi. Korali amayamba kutuwa, nsonga za nthambi zimapsa n'kusiya mwala woyera, ndipo tizamoyo tina tapoizoni totchedwa dinoflagellates timalanda malo. Zaka zapitazo oweta ambiri ankanyadira ziro. Lero odziwa amasiya naitireti pang'ono, mamiligalamu angapo pa lita, ndi fosifeti wa pakati pa 0.03 ndi 0.1, ndipo ena afika pothira naitireti wogula m'sitolo m'thanki imene adaiumitsa okha.

Pali kafukufuku amene wolemba uno amafuna kuti aliyense wogwira sirinji amudziwe. Mu 2006 David Kline ndi anzake, mwa iwo Nancy Knowlton ndi Forest Rohwer, adasindikiza zimene adapeza atayesa makorali a ku Panama. Ena adawaika m'madzi oonjezera naitireti, fosifeti kapena amoniya, ena m'madzi oonjezera shuga. Amene adafa kwambiri ndi a shuga. Pakhungu la korali pamakhala mamina odzaza mabakiteriya amene amakhala naye mwamtendere, koma akapatsidwa shuga wambiri amaswana mopitirira muyeso mpaka kumupha mwini khungu. Kaboni yemweyo amene amayeretsa thanki pa madontho awiri amapha korali akachuluka. M'nyanja zimachitikanso popanda sirinji: ndere zikachuluka pa thanthwe zimatulutsa shuga m'madzi, mabakiteriya amanenepa, korali amafa, ndipo malo amene wasiya amatengedwa ndi ndere zina. Ku Kaneohe Bay, ku Hawaii, madzi a zimbudzi za m'tauni ankatayidwa m'gombe kwa zaka zambiri ndipo ndere zidakuta makorali. Mapaipiwo atawapatutsa mu 1977 ndi 1978, ndere zidachepa ndipo makorali adayamba kubwerera m'zaka zochepa.

Madzi a ku Tsangano nawo ali ndi ulendo wopita kunyanja. Mvula yogwa pa minda ya kachewere ndi tirigu ya kuno, ndi pa minda ya fodya ya ku Macanga, imatsetsereka m'timitsinje, yambiri n'kulowa mu Revúbuè, amene amadutsa m'boma la Moatize n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Zambezi amakafika ku nyanja ya Indian cha ku Chinde. Kumeneko kulibe matanthwe a korali. Matope ndi madzi opanda mchere zimene mitsinje ikuluikulu imabweretsa zimaphimba kuwala, ndiye gombe la pakati pa Mozambique ndi la mitengo ya mangrove ndi nkhanu zazitali zimene zombo zimakola pa Banco de Sofala. Makorali ali kumpoto, ku zilumba za Quirimbas zimene zidakhala paki mu 2002 ndi ku Primeiras e Segundas zimene zidatetezedwa mu 2012, komanso kumwera, ku Bazaruto, paki ya mu 1971, ku Inhaca kumene kuli siteshoni ya kafukufuku kuyambira mu 1951, ndi ku Ponta do Ouro.

Choncho pasapezeke munthu wonena kuti feteleza wa mlimi wa ku Chidzolomondo ndi amene akupha makorali a ku Quirimbas. Mlimi wa kuno amathira feteleza wochepa poyerekeza ndi wa ku Ulaya, ndipo akakokoloka, woyamba kuluza ndi mwini wake. Mdani wamkulu wa makorali lero ndi kutentha. Madzi akafunda ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amakhalira m'miyezi yotentha kwambiri, n'kukhala choncho kwa masabata angapo, korali amalavula ndere zake, amayera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Mu 1998 dziko lapansi lidataya pafupifupi magawo 16 pa 100 a matanthwe ake a korali, ndipo gombe la kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo kumpoto kwa Mozambique, lidakhudzidwa kwambiri. Mu April 2024 bungwe la NOAA lidalengeza kuti kuyera kwa makorali kwakuta dziko lonse kachinayi. El Niño amene adathandizira kufunditsa nyanja chaka chimenecho ndi yemweyo amene adawumitsa chimanga m'madera ambiri a Tete, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Zimamupweteka wolemba uno kuti dziko la Mozambique lili ndi gombe lotalika makilomita oposa 2,400, koma mwana wa ku Tsangano adakaona korali wamoyo koyamba m'chipinda chochezera cha munthu wina, m'dziko la eni. Matanthwe a ku Bazaruto ndi ake monga nzika. M'sitolo imene amagula mchere wa thankiyo adapezanso china cha kwawo: mbuna za m'nyanja ya Malawi, zabuluu ndi zachikasu, zina zikugulitsidwa ndi dzina la Cóbuè, mudzi wa ku Niassa. Malonda a nsomba zimenezi ndi akale. Stuart Grant adayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970, ndipo malo ake a ku Kambiri, m'boma la Salima, adadziwika kwa oweta nsomba a dziko lonse. Makorali amwala alinso ndi msika wawo, wolamulidwa ndi pangano la CITES, ndipo gawo lokoma la nkhaniyi n'lakuti oweta ambiri tsopano amathyolerana timphukira, kutimata pa kamwala n'kutikuza m'thanki, m'malo mokagumula thanthwe la m'nyanja.

Koma phindu la nzeru imeneyi kwa anthu a kuno silili m'thanki yagalasi. Lili m'damu la nsomba.

M'madambo a Tsangano, Angónia ndi Macanga muli alimi amene adakumba madamu n'kuikamo chambo cha mitundu yosiyanasiyana, ndipo boma limalimbikitsa ulimi umenewu. Nsomba yatsopano kuno ndi yosowa. Imene anthu adazolowera ndi youma, kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa wochokera ku Malawi. Mu ulimi wa nsomba, kuthira kaboni kuli ndi dzina lake, biofloc. Yoram Avnimelech wa ku Technion, ku Israel, adaulongosola bwino mu 1999. Nsomba imangosunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nayitrojeni wa m'chakudya chake, wotsalayo amapita m'madzi ngati amoniya, amene ndi poizoni. Iye adawerengera kuti pamafunika magalamu pafupifupi 20 a chakudya cha sitachi kapena shuga kuti mabakiteriya ameze galamu imodzi ya nayitrojeni wa amoniya. Alimi amathira molasesi, ufa wa chinangwa kapena gaga. Mabakiteriya amamatirana m'timibulu toyandama, ndipo apa pali kusiyana kokoma ndi thanki ya makorali: skimmer wake ndi nsomba yomwe. Chambo chimasefa timibuluto n'kudya, ndiye nayitrojeni amene akadatayika amabwerera ngati nyama.

Zimenezi zidayesedwa pafupi pomwepa. Kunja kwa mzinda wa Blantyre, Chambo Fisheries idayamba mu 2013 kuweta makumba ndi makakana m'mathanki akuluakulu a biofloc, ndipo idatchuka ngati imodzi mwa mafamu aakulu kwambiri a mtundu umenewu mu Africa. Koma amene adawerenga za famuyo amadziwa zimene idafunika: makina opopera mpweya osazima, zotakasa madzi kuti timibulu tisakhazikike pansi, njira yofunditsira madzi m'nyengo yozizira, ndi anthu oyeza madzi tsiku ndi tsiku. Mabakiteriya amapuma ngati mmene nsomba imapumira, ndipo m'thanki yodzaza amatha okosijeni wambiri zedi. Magetsi akazima opanda jenereta, nsomba zimayamba kufa tsiku lomwelo. Oweta makorali a ku South Africa adaziona okha m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene magetsi ankazima maola ambiri patsiku ndipo batire ya pampu idasanduka chinthu choyamba kugula.

Pa Facebook ndi YouTube pali makanema ambiri oonetsa thanki ya lona, chigubu cha molasesi ndi nsomba zonenepa, ndipo achinyamata amene ali ndi kandalama ka kachewere amakopeka. Wolemba uno sakutsutsa sayansi yake, ndi yoona. Akutsutsa kuigulitsa kwa munthu amene alibe magetsi odalirika, m'dera limene mu June ndi July chisanu chimawaula masamba m'dambo. Chambo chimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 26 ndi 30, ndipo akatsika pansi pa 20 chimadya monyinyirika n'kuleka kukula. Molasesi safunditsa madzi.

Chachikulu kuposa apo n'chakuti damu la dothi la mlimi wamba limadwala matenda osiyana ndi a thanki ya ku Durban. Thanki ija ili ndi nayitrojeni wochuluka, kaboni wochepa. Damu la kumudzi nthawi zambiri limadyetsedwa gaga yekha, ndi masamba a m'dimba mwa apo ndi apo. Gaga ndi kaboni kale. Mlimi wakhala akuthira kaboni tsiku lililonse osadziwa, ndipo chimene chikusowa m'damu mwake ndi nayitrojeni ndi fosiforasi. Umboni wake ndi madzi oyera oti ukuona pansi, ndi nsomba zimene zatha miyezi isanu ndi umodzi koma zikadali zazing'ono ngati zala zitatu. Madzi oyera amene woweta makorali amawalakalaka ndi njala kwa chambo, chifukwa chakudya chake chachilengedwe ndi ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwiritsa madzi. Kuthira shuga m'damu lotere ndi kukwirira mapesi m'munda woguga: mabakiteriya alanda nayitrojeni wochepa yemwe analipo, ndere zichepa, ndipo usiku okosijeni atsika.

Mankhwala ake ali m'khola. Zitosi za nkhuku, ndowe za nkhumba, za mbuzi kapena za ng'ombe, zoikidwa m'kakhola ka nsungwi pangodya ya damu kapena m'thumba lomizidwa m'madzi, pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Alangizi a za nsomba, kuyambira ku Domasi mpaka ku Tete, amaphunzitsa kuyeza kosafuna ndalama: pisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, damu lili ndi njala, onjezera manyowa. Ngati chikuzimirira chapafupi ndi chigongono, zili bwino. Ngati chasowa mkono usanafike pakati, wapyola, leka kaye. Kuyeza kwachiwiri ndi kwa m'mbandakucha, chifukwa usiku wonse ndere, mabakiteriya ndi nsomba zakhala zikupuma popanda dzuwa lobwezeretsa mpweya. Nsomba zikapezeka zitaunjikana pamwamba, kukamwa kuli yasa, tsiku limenelo osathira gaga, osathira ndowe, tsegula ngalande madzi atsopano alowe.

Malamulo amene amasunga korali wa ndalama zambiri ndi omwewa: sintha chinthu chimodzi pa nthawi, thira pang'ono, dikira sabata, yang'ana, lemba m'kope. Mnyamata wa ku Durban uja tsopano ali ndi kope lake la manambala, amadziwa kuyeza amoniya, naitireti ndi fosifeti ndi timabotolo ta madontho osintha mtundu, ndipo akuti akadzabwerera kwawo adzakumba damu m'dimba la mayi ake. Luso limene waphunzira pa thanki ya abwana likufunika kuno kuposa kumene aliko, bola akumbukire kuti damu la mayi akewo lidzafuna zitosi, osati shuga.

Ku Ulongwe kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo m'maboma a Tsangano, Angónia ndi Macanga muli alangizi. Pempho la wolemba uno kwa iwo ndi lakuti nkhani ya kaboni ndi nayitrojeni aziiphunzitsa m'Chichewa, pa damu penipeni, poyambira pa mapesi amene mlimi akuwadziwa kale, ndipo gulu lililonse la oweta nsomba likhale ndi choyezera kutentha kwa madzi ndi kabokosi koyezera amoniya. Inu amene muli ndi damu, musanagule molasesi chifukwa cha kanema wa pafoni, pisani kaye mkono m'madzi mpaka m'chigongono, ndipo ngati chikhatho chikuoneka, pitani ku khola la nkhuku.